Malovu pa Magudumu

Mkuluyo analavulanso. Aka kanali kachisanu ndi chiwiri, ndipo Mayi Danuta Cebula, woyang'anira siteshoni, ankawerenga.

Siteshoni ya mzinda wathu kuno ku Silesia inali kukwanitsa zaka 150. Mwaye wa m'mafakitale, womwe unamata makoma kuyambira nthawi ya agogo athu, anali ataupala miyezi itatu. Sitima yakale yoyendera malasha, ija inkanyamula anthu a m'migodi, inali itangofika kuchokera kosungira zinthu zakale, mabogi ake akunyezimira penti wobiriwira. Nthawi ikamati 11 koloko inayenera kunyamuka ndi a meya, atolankhani ndi amayi amasiye a anthu a m'migodi, kukawoloka mlatho wautali uja wa pamwamba pa fakitale ya zitsulo. Anthu a njanji ankanyogodola kuti Mayi Cebula ndi munthu wa mapepala, sitima saidziwa. Mayiwo anali atalumbira kuti lero sichedwa ngakhale ndi mphindi imodzi.

Ndiye kunatulukira a Alojz Pytlik, nkhalamba yopuma ntchito ya njanji kalekale, atavala chijasi chonunkha girizi ndi kabichi. M'mawa anapereka dzanja kuti apatsane moni ndi Mayi Cebula, koma mayiwo ataona chikhathocho anabisa lawo kumsana. Chinali chosalala, chothina, chonyezimira ngati khungu la soseji yowotcha.

Tsopano nkhalambayo inkayenda m'mbali mwa sitima. Ikafika pa gudumu inkawerama, n'kukokera malovu kukhosi ndi phokoso lomveka mpaka kwa oimba malipenga, n'kulavulira pakati penipeni pa gudumulo. Malovuwo ankayenderera pang'onopang'ono pa penti watsopano. Mtolankhani wina anasiya kudya buledi wake. Kunena zoona zinali zochititsa nseru, ndipo palibe akanawadzudzula mayiwo chifukwa chokwiya.

"Bambo Pytlik, manyazi mulibe kodi? Anthu atsuka sitimayi sabata yonse."

Mkuluyo sanatembenuke n'komwe. Anapita pa gudumu lotsatira.

Mayiwo anathamangira kwa Gerard, woyendetsa sitimayo, yemwe anali atatsamira pa injini ngati sakuona chilichonse.

"Gerard, kamuchotseni mkuluyu asanalavulire nsapato za a meya."

"Asiyeni, mayi. Atsala ndi bogi imodzi."

"Ndiye tidikire amalize kutinyazitsa? Inu anthu a njanji uve munauyesa mwambo."

Wotchi ya pasiteshoni inkasonyeza kuti kwatsala mphindi zinayi. Mayi Cebula anakodola alonda awiri. Anawauza kuti amutulutse mkuluyo kudzera kuseri, kutali ndi makamera, ndipo asadzapondenso pasiteshoni pano.

Alondawo anamugwira mikono ali pa gudumu lomaliza, pansi pa bogi ya amayi amasiye aja. Mkuluyo sanalimbane nawo. Anangotukula khosi n'kulavula komaliza, mayiwo n'kutseka pakamwa ndi mpango.

Malovuwo anati tsii, n'kuuma pomwepo, kautsi n'kukwera.

Gerard anafika, nayandikitsa dzanja pa chitsulocho, n'kulibweza msanga.

"Tsitsani anthu, mayi. Gudumu ili latentha, likanakatithyokera pamlatho. Zaka makumi anayi madalawa akhala akuyesa magudumu ndi manja, mpaka zikhatho zinapsa, sizimvanso kutentha. Chimene anatsala nacho ndi malovu."