Mlatho wa Pilato pa Lichenya

Mlatho wansungwi wolendewera pa Lichenya anaumanga ndi Pilato, ndipo sankalola munthu kuiwala zimenezo. Milatho ya ena inkagwedezeka mpaka amtengatenga kutaya katundu m'madzi. Wake ayi. Zingwe zachilambe ankazimanga molekerera pang'ono, kuti mfundo zizikhulana n'kumameza kugwedezekako.

"Tamverani kulirako," ankauza owoloka. "Ukudya mapazi anu. Mukatsika, ugona."

Usiku wina mkazi wake Estele atadwalika, Pilato anawoloka kukafuna mankhwala kutsidya. Atatsika anaima mwachizolowezi kuti aumve ukugona. Unalira, kulirako kunachepa, kenaka zii. Anamwetulira yekha usikuwo.

Posakhalitsa unayambanso. Kwii, kwii. Mphepo kunalibe. Mwezi unkawala pansungwi zopanda munthu, koma pakati panatsika pang'ono, ndipo kutsikako kunkasendera kwa iye.

"Ndinu yani?"

Pilato anagwira chingwe. Mfundo zake zinkameza phazi lililonse mwaulemu, osamugwedeza wobwerayo. Kulira kopepukako anakudziwa. Mlathowo unkalira chotero pansi pa munthu mmodzi yekha, yemwe anamusiya ali gone pamphasa.