Nkhata pa Chithunzi cha Bambo Baird

Manijala wa nyumba yosamalira okalamba ku Blanchardstown anatipatsa 10 minutes basi. Tinalowa amayi a Mvano asanu, yunifolomu yochita kusita, ine ndili patsogolo ndi nkhata ya maluwa.

Bambo Baird, omwe ndimawasambitsa m'mawa uliwonse, anali asanayankhulepo chidwalireni sitiroko. Ankangokhalira kuyang'ana chithunzi cha pakhoma: chiliza chomera ndere cha kwawo ku Scotland, pomwe anaika anthu ophedwa pankhondo chifukwa chokana kuti mfumu izilamulira mpingo.

"Dinah, nkhata pachithunzi? Atiseka azunguwa," anandinong'oneza Mayi Prudence.

"Aseke. Anthu anafera mpingo womwe unatibatiza ife, ndiye agone ngati alibe abale?"

Ndinagwada n'kuika nkhata ija pansi pa chithunzicho, kenaka tinayambitsa salimo la pamaliro m'Chichewa. Tisanamalize vesi loyamba, kumbuyo kwathu kunamveka besi yosasa mawu. Bambo Baird ankaimba m'Chingerezi, chuni chake chomwecho, dzanja lawo labwinolo likumenya mpando.

Manijala anasuzumira pakhomo, chala chili pawotchi.

"Dikirani panja, mayi," anatero Bambo Baird. "Kwatsala mavesi atatu."