Chidakwa cha mu Kaseti

Struan anavula zomvera m'makutu n'kuziponya patebulo. Munthu uja anali atayambanso kuimba.

Kasetiyo anabwera nayo ndi Mayi Geddes, ataikulunga m'kansalu kopukutira mbale. "Achimwene, ndamva kuti inu mumaukitsa makaseti akufa," anatero. "Iyi yatsala pang'ono. Ndikufuna izimveka bwino."

Struan anawerenga pachikutiro. Inali konsati yomaliza ya gulu la Tin Parish, ya mu 1993, m'kachipinda kapansi konkuno ku Glasgow. Okonda gululi onse ankadziwa kuti tsikulo palibe anajambula.

Tin Parish sinatchuke. A wailesi ankaikana, ati magitala ake ndi phokoso lokhalokha, woimba wakenso amangokhala ngati akudandaula. Koma Struan gululi ndi limene linamulera. Ali mnyamata wosowa ntchito, wokwiyira aliyense, nyimbo zawo zokha ndi zimene zinkamumvetsa. Lero timagulu tambirimbiri tikudyera kaimbidwe kameneka osatchula n'komwe eni ake, ndipo zimenezi zinkamuwawa kwabasi. Kasetiyi ndiyo inali umboni. Anthu akaimva, adzadziwa kumene zinachokera.

Tepi yake inali itafumbwa. Anaiyendetsa kamodzi kokha polowetsa mawu mu kompyuta, ikunka ninyenyeka, ndipo pofika kumapeto inali ya kudzala basi.

Ndiye pomvetsera, koma abale! Pafupi penipeni ndi chojambulira panaima chimkulu china, ndipo chinaimba nawo konsati yonse. Mawu a nyimbo chinkawadziwa onse, pamenepo tisachinamizire. Vuto linali kukhosi. Liwu lake linali ngati chitseko chosowa mafuta. Pena chinkatsogola, pena chinkatsalira, pena chinkakuwa dzina la woimba ng'oma. Pa nyimbo yachifatse, imene Struan ankaikonda kuposa zonse, chinachita kulira mokweza, kenaka n'kumina.

"Tseka pakamwa iwe," Struan ankauza kompyuta. "Anthu anabwerera iweyo kodi?"

Anatseka shopu yake n'kukhalira ntchitoyo. Tiyi ankazizirira m'kapu, buledi n'kuumira pambale. Ankadula liwulo pang'onopang'ono, osakhudza gitala. Akati wathana nalo, linkatulukiranso kuseri kwa ng'oma, likusekerera. Tsiku lina anamenya tebulo mpaka chala chinatupa. Ankadana naye munthuyo ngati amadziwana. Ankamuona m'maganizo mwake: chidakwa chonenepa, mowa ukutayikira pamalaya, chosadziwa kuti chikupondereza mbiri.

Pomaliza liwu lija linatheratu. Magitala anayera, woimba anamveka yekha, ngati waima m'chipindamo. Struan anagwetsa misozi yachimwemwe. Ankawadziwanso anzake okonda gululi. Akangonunkhiza kuti kope loyamba lilipo, sangagone mpaka atalipeza n'kulimwaza paliponse, ndipo Tin Parish idzakumbukiridwa ndi kumina kwa chidakwa. Analifufuta lonse, pamodzi ndi tizidutswa ta liwu lija, mtima uli mbee.

Mayi Geddes anabwera Loweruka masana, mvula ikuwaza. Ankakankha njinga ya olumala, mutakhala bambo wa ndevu zaimvi, bulangete lili pamaondo.

"Awa ndi amuna anga, a Murdo," anatero. "Sakanalola kutsala."

Struan anawapatsa moni, bamboyo n'kungogwedeza mutu. Kenaka Struan anatsegula nyimbo, n'kupinda manja. Gitala inalira, ng'oma zinalowa. Iye ankayang'ana nkhope zawo kudikira chiyamiko.

Mayi Geddes anapendeketsa mutu ngati akumvetsera munthu amene akubwera patali. Nyimbo yoyamba inatha.

"Tapititsani patsogolo pang'ono," anatero.

Anapititsa. Mayiyo anamvetseranso, nkhope ikunka nigwa.

"Pitani pa yachifatse ija."

Inayamba, yoyera bwino, yopanda chilema. Struan anatsinzina chifukwa cha kukoma kwake. Potsegula maso anapeza mayiyo akumuyang'ana.

"Achimwene, mwaisokoneza ndi ya wina kapena?"

"Ayi mayi, ndi yanu yomwe ija," anayankha monyadira. "Kungoti munali chidakwa china chimene chinkawononga zonse. Chandivutitsa, sindinama. Koma musadandaule, ndachichotseratu. Palibe adzachimvenso, ngakhale ineyo."

Mayi Geddes anaika dzanja paphewa la mwamuna wawo.

"Nyimbozi tili nazo kunyumba, achimwene. A Murdo chidwalireni sitiroko sanatulutsepo mawu ngakhale amodzi. Ndimafuna zidzukulu zimveko liwu la agogo awo."