Machila a Mwinidoko

Mumzinda wa padoko uja lamulo linali lakuti belu la machila a olemekezeka likalira, wosauka agwade, nkhope kukhoma. Mayi wina wochapa zovala anagwada zaka makumi awiri. Koma chimirireni mwamuna wake m'nyanja akutsitsa migolo ya Mwinidoko, popanda ngakhale pepani, analumbira kuti maondo ake adzagwadira Mulungu yekha.

Usiku wina akukwera kumtunda kwa olemera kukapereka nsalu zochapa, anamva belu. Ngee! Ngee! Iye anangoima pakati pa msewu, mtolo uli pamutu.

Machila a Mwinidoko anatulukira pangodya. Onyamula anali anayi, koma mapazi awo sankamveka. Ankamveka ndi madzi okha, akudontha m'malaya mwawo. Wakumbuyo ankatsimphina mwendo wamanzere, womwe mayiyu anauthowa zaka zonse za ukwati wake.

"Bambo a ana," anatero, "kufa munafa, ganyu yemweyo? Tulani!"

Mwamunayo sanadzutse mutu. "Gwadani, mayi. Ganizirani ana."

"Anawo ndikulera ndekha ndi manja awa. Ndati tulani!"

Anaponya mtolo uja m'matope n'kugwira mtengo wa machila ndi manja awiri. Unali wozizira, woterera ndi ndere.

Onyamula anaima. Mkatimo wina anatsokomola mwaulemu, nati, "Mayi, mtengo umenewo ukaugwira suutayanso."

Mayiyo anayesa kufunyulula zala. Zinakana.

"Ndiye tigwera limodzi, bwana," anatero, n'kukokera pansi ndi thupi lake lonse.

Nsalu yotchinga machila inayamba kutseguka pang'onopang'ono.