Wotchi ya Malemu Gilford

"Iyi ndi feki," anatero a Gwanda, atagunditsa wotchi ya malemu mng'ono wawo kukhutu. "Yeniyeni silira ngati nkhuku ikujompha chimanga. Mlamu, tengani, muzimukumbukira."

Anaiponyera Jenifer, mkazi wa malemuyo, iwo n'kukweza sofa, TV ndi firiji mu lole, ulendo wakumudzi.

Lolemba Jenifer anapita nayo kwa wosula mphete ku Mchesi kuti apezeko ya matemba. Mkuluyo anaipala pang'ono, n'kudonthezapo mankhwala, kenako anatseka chitseko.

"Mayi, dzina la kampani lalembedwa apali ndi labodza, injini yake ndi ya zidole. Koma chigobachi ndi lambayu ndi golide weniweni. Apa pali puloti ku Area 25."

Jenifer anaseka koyamba chiikire maliro, atakumbukira kuti kumudzi kwa a Gwanda kulibe magetsi.