Madzi a m'Firiji ya Rahila

Rahila anatulutsa kapu ya madzi m'firiji, n'kuipereka ndi manja awiri kwa bambo ake, a Abdulhamid. Asodzi a ku Chia omwe anadzaza pakhonde ankayang'anitsitsa kapuyo.

Bambowo sanailandire msanga. Anatsata waya wa firijiyo ndi maso mpaka kuseri kwa sukulu, komwe kumathera madzi a m'zimbudzi, pomwe Rahila anaika makina ake.

"Iwe, ine ndangopanga wudhu kumene, ndadziyeretsa kuti ndikapemphere. Zonyansa zija zakhudza madziwa?"

"Ayi, Ababa, awa ndi a pamjigo. Makina anga amangokoka mpweya wonunkha uja, wotchedwa amoniya, n'kuulowetsa m'bokosi lotentha ngati ng'anjo. M'menemo ndi momwe mukuchokera magetsi oyendetsa firijiyi."

A Jamali, mmodzi wa asodziwo, omwe chaka chonse ankanena Rahila kumsika kuti ndi injiniya wa zimbudzi, anatsokomola mwadala. Rahila ankadziwa kuti bambo ake akakana, palibe msodzi amene adzaike chambo chake m'firijimo.

A Abdulhamid analandira kapu ija, naifikitsa pamphuno. Anainunkhiza kawiri. Kenako anakhala pabenchi, nati, "Bismillah," n'kugugudiza onse. Anatsinzina kuzizira kutawalowa m'mano.

"Thiramonso, mwana wanga."

Rahila anathira mpaka kusefukira. Bambowo ananyamuka, n'kudutsa pakati pa anthu atanyamula kapuyo m'mwamba, mpaka anaima pamaso pa a Jamali.

"Imwani, achimwene. Kukhosi kwanuko kuyenera kuti kunauma. Chaka chonse mwakhala mukutchula mwana wanga."