Chipeso cha Loweruka

"Kodi abambo achikatolika masiku ano mukuthandiza ovutika ndi chipeso?" anafunsa mkazi wa kalipentala atapeza chipeso, sopo wonunkhira ndi thaulo m'chikwama cha mwamuna wake.

"Kubungwe tinagawana makomo oti tiziyendera, mayi."

"Lanu ndi la ndani?"

"Dzanja lamanzere lisadziwe zimene lamanja likuchita," anatero kalipentala, n'kunyamula chikwamacho.

Mayiyo sanakhutire. Abambo ena a bungwelo ankapita ndi makasu ndi malata, koma wake yekha ndi chipeso, Loweruka lililonse, n'kubwerako akuimba mluzu. Wovutika ameneyo ndiye kuti ali ndi tsitsi labwino.

Anamutsatira chapatali. Mwamunayo anadutsa tchalitchi osacheuka, n'kukhotera m'kanjira ka kuseri kwa chigayo. Apa mayiyo anaima kaye. Kanjirako ankakadziwa bwino, koma panali patatha zaka zitatu asanakapondenso, chikanganirane ndi bambo ake pamaliro a mayi ake.

Anawapeza pakhonde. Bambo akewo anali pampando, thaulo lili m'khosi, maso atachita ng'ala, mkamwini wawo akuwapesa imvi pang'onopang'ono.

"Ndamva mapazi pachipata," anatero mkuluyo. "Ndani?"

Kalipentala anacheuka, chipeso chili m'malere. "Ndi mayi ena, bambo."

"Apatseni mpando," anatero mkuluyo akumwetulira. "Kani a bungwe la amayi nawonso ayamba kutiyendera ife opanda ana?"